Kalata kwa akuluakulu: jambulani mawu a asilikali akale a ku Ntcheu asanathe

Kwa Bwana DC wa boma la Ntcheu,
kwa Mkulu wa asilikali a Malawi Defence Force,
kwa Mkulu wa wayilesi ya MBC,
kwa a Nduna oona za chikhalidwe,
ndi kwa inu Inkosi ya Makhosi Gomani V, Bayethe!

Zikomo akuluakulu nonse. Ndalemba kalata imodzi kwa anthu asanu chifukwa chimene ndikupempha sichingatheke ndi ofesi imodzi, komanso ndikudziwa kuti nditalembera mmodzi yekha angandiyankhe kuti nkhaniyi ndi ya mnzake. Pempho langa nali: tumizani anthu m'midzi ya boma lino atanyamula makina ojambulira mawu, akakhale pansi ndi asilikali akale amene atsala, amayi amasiye amene asilikaliwo anasiya, ndi ana awo, ajambule zimene akukumbukira pamodzi ndi nyimbo zimene anabwera nazo kuchokera kunkhondo. Zojambulazo zikasungidwe pamalo pamene mwana wa ku Ntcheu angakazimvere popanda kufuna ya basi yopitira ku Zomba kapena ya ndege yopitira ku London. Chipilala china sindikupempha ayi. Tili nacho ku Zomba, tili nacho ku Area 18 ku Lilongwe, ndipo zonsezi sizilankhula.

Chandiutsa ndi imfa ya mkulu wina wa kuno kwathu, amene tinamuika m'manda mwezi wathawu. Abale ake andipempha kuti dzina ndisatchule, choncho ndingowatchula monga momwe mudzi wonse unkawatchulira: a Sajeni. Zaka zawo zenizeni panalibe wozidziwa. Pa chiphaso chaunzika chimene anajambulitsa mu 2017 panali tsiku lobadwa, koma eni akewo ankaliseka, amvekere analemba alembi pofuna kuti mzere uyende. Iwo ankawerengera chonchi: dzombe litagwa m'dziko muno anali akuweta kale mbuzi, ndipo njala ya 1949 inawapeza atabwerako kunkhondo, ali ndi mkazi ndi mwana wakhanda. Mukawerengera bwino muona kuti anatsala pang'ono kukwanitsa zaka 100.

Ankanena kuti kunkhondo sanatengedwe ndi mfuti koma ndi lipenga. Olemba usilikali ankabwera pa boma ndi bandi, anyamata ovala makabudula a khaki akuguba mwadongosolo, ng'oma ikugunda, malipenga akuwala padzuwa. Boma la atsamunda linkadutsiranso mwa mafumu kuti mudzi uliwonse upereke anyamata, moti ena anapita mofuna, ena anapita chifukwa nyakwawa yawaloza chala, ndipo ena ankathawa msonkho ndi umphawi basi. A Sajeni anali m'gulu la otsatira bandi. Anakalowa Keyala ku Zomba, gulu limene pamapepala linkatchedwa King's African Rifles, ndipo kuchokera kumeneko njira inawatengera ku Kenya, pa sitima ya pamadzi ku Mombasa, kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango ku Ceylon, mpaka kukafika ku Burma mu 1944.

Ana athu akusukulu akamva za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse amaganiza za Hitler ndi mizinda ya ku Ulaya. Sadziwa kuti anyamata oposa 25,000 a m'dziko muno anavala yunifomu pa nkhondo imeneyo, ena nakamenya ku Somaliland ndi ku Abyssinia, ena ku Madagascar mu 1942, ena ku Burma. Gulu lalikulu la asilikali a kum'mawa kwa Africa, la nambala 11, momwe munali mabataliyoni a Nyasaland, linatumizidwa kutsika chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yamphamvu, pamene asilikali ena ankayembekeza kuti kuyere. Chigwa chimenecho chinkadziwika ndi malungo ndi matenda ena a m'tchire. Anayenda m'matope miyezi ingapo akukankha asilikali a Japan mpaka anafika ku Kalewa, pa mtsinje wa Chindwin, mu Disembala 1944. Ndipo chinenero cholamulira m'mabataliyoni athuwa chinali Chinyanja. Mzungu wofuna kulamula anyamata a kuno ankayenera kuchiphunzira. Taganizani, Chinyanja chikumveka m'nkhalango ya Burma usiku, mnyamata wa kwa Njolomole akunong'oneza mnzake wa kwa Ganya kuti azimitse fodya.

A Sajeni ntchito yawo inali yonyamula wayilesi ya asilikali kumsana ndi kutumiza mauthenga. Kumeneko n'kumene anaphunzira zinthu ziwiri zimene zinawadyetsa moyo wonse: kulankhula pa makina momveka bwino, mosathamanga, ndiponso kuimba gitala. Za kuwombana sankakonda kusimba. Ukawafunsa ankangoti kunali koipa, n'kutembenuzira nkhani ku mpunga umene anatopa nawo, ku misundu imene inkalowa m'majombo, kapena ku mnzawo wina wa ku Mulanje amene ankadziwa kupeka nyimbo yonyoza kopolo, kopoloyo ali pomwepo n'kumaombera nawo m'manja osadziwa kuti akunenedwa ndi iye.

Nkhondo itatha anabwera ndi mamendulo, jasi, ndi kandalama kothokoza. Kandalama kameneka kali ndi nkhani yake. Mu 2019 atolankhani anatulutsa chikalata cha boma la Britain chosonyeza kuti msilikali wamba wachizungu ankawerengeredwa mashilingi 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene msilikali wamba wachikuda ankawerengeredwa mashilingi atatu ndi theka. Chipolopolo cha Japan sichinkasankha khungu, koma ofesi yolipira inkasankha. A Sajeni anagula njinga ndi gitala, yotsalayo inathera ku chimanga pa njala ya 1949. Anzawo ena anagula makina osokera n'kukhala matelala pa khonde la sitolo, ena anatsegula magolosale, ena anakhala madalaivala a malole chifukwa kuyendetsa anakuphunzira ku usilikali. Mbiri ya malo ambiri amalonda m'mbali mwa msewu wa M1 muli anthu otere, koma palibe buku limene lingakuuzeni kuti telala woyamba pa malo akutiakuti luso lake analitenga kuti.

Njala itadutsa analowera ku Lusaka, monga ankachitira anyamata ambiri a kuno ofuna ntchito. Nthawi imeneyo wayilesi youlutsira anthu akuda a ku Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland inali kumeneko, ya Central African Broadcasting Station, ndipo Chinyanja chinali chimodzi mwa zinenero zake. Mu 1949 kunatuluka kawayilesi kotsika mtengo kotchedwa Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya, kogulitsidwa mapaundi asanu, batire lake padera. Kawayilesi kameneka ndi kamene kanalowetsa mawu a kutali m'midzi yathu. Mphunzitsi kapena msilikali wakale akakagula, madzulo pakhomo pake pankadzaza, anthu kudikira nkhani, nyimbo, ndi moni wochokera kwa abale a ku migodi. Munthu wodziwa kulankhula pa makina, wodziwa Chinyanja chakuya komanso woimba, ankafunika. A Sajeni anapeza malo.

Kumeneko kunali Alick Nkhata, amene moyo wake unayenda njira yofanana: anabadwa mu 1922, anapita ku Burma ndi asilikali, atabwerako anagwira ntchito ndi Hugh Tracey yojambula nyimbo za makolo, kenaka anakhala muulutsi ndi woimba wotchuka, akuimba m'Chibemba ndi m'Chinyanja. Anafa mu 1978 kufupi ndi Mkushi, pamene asilikali a Rhodesia anaukira msasa wa omenyera ufulu a ku Zimbabwe. Lero ku Lusaka kuli msewu waukulu wotchedwa dzina lake, ndipo mwana wa ku Zambia akafuna kumva mawu ake amawapeza, ngakhale pa intaneti. Ndikutchula zimenezi osati chifukwa chofuna kuti msewu wa ku Kasinje utchedwe dzina la a Sajeni. Ndikufuna muone kusiyana: Nkhata akumvekabe chifukwa wina anatchera makina nthawi ikadalipo.

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chitatha, a Sajeni anabwerera kwawo n'kupitiriza ntchito ya pa wayilesi dziko litalandira ufulu mu 1964. Anaona zambiri zimene achinyamata a masiku ano oulutsa mawu sangazimvetse. Anaona chaka cha 1968, pamene Chinyanja chinayamba kutchedwa Chichewa n'kukhala chinenero cha dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wayilesi mpaka 1994. Anagwira ntchito masiku amene muulutsi ankadziwa kuti Kamuzu mwini wake akhoza kukhala akumvera, ndipo kuphonya dzina limodzi laulemu kapena kuika nyimbo yokayikitsa kunali kuitana mavuto. Koma chimene ankachikonda kwambiri chinali kuyenda m'maboma ndi makina olemera a tepi, kukajambula azimayi a chimtali, amuna a ngoma, woimba bangwe wakhungu pa msika, ana a kwaya. Ankati mayi wa kumudzi ukamuikira maikolofoni pakamwa amauma, ndiye iwo ankayamba ndi kupempha madzi akumwa, kufunsa za kumunda, kuimba okha kaye molakwitsa dala kuti amayiwo aseke n'kuwakonza. Akatero, tepi inkayamba kuzungulira anthu osazindikira.

Apa ndi pamene pali kuwawa kwa nkhaniyi. Munthu amene anatha zaka zambiri akutolera mawu a anthu ena wapita popanda wina womukhazika pansi kuti asimbe zake kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Sindikuloza chala ofesi ina iliyonse; zinangochitika monga zimachitikira kwa okalamba ambiri akapuma ntchito n'kubwerera kumudzi. Anakhala kuno zaka zambiri akulima kachewere ndi kabichi, akuphunzitsa kwaya ya kutchalitchi kuwerenga manotsi a d, r, m, akuimba gitala pa maukwati mpaka zala zitayamba kuuma. Pa maliro awo, mbiri ya malemu inatha mphindi zochepa: anabadwira kwakuti, anakwatira chaka chakuti, asiya ana angapo ndi zidzukulu zambiri, anali mkhristu wokhulupirika. Za Burma zinalowa m'chiganizo chimodzi, za wayilesi m'chiganizo china. Pamwamba pa bokosi anaikapo jekete lokhala ndi mamendulo anayi, ndipo zidzukulu zinkafunsana kuti yooneka ngati nyenyeziyo ndi ya chiyani. Inali Burma Star. Mamendulo a nkhondo imeneyo Britain inkawapereka osalembapo dzina la mwini wake, choncho mwini akangotsikira kulichete, chitsulocho sichingakuuzenso kuti chinali pachifuwa pa yani.

Akuluakulu, kutaya kotere tinataya kale kamodzi, ndipo tinataya kwambiri. Pa nkhondo ya Chiwaya, ndiyo nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene inafika m'dziko muno ndi kumenyana kwa ku Karonga mu Sepitembala 1914, anthu pafupifupi 200,000 a kuno anatengedwa kukhala amtengatenga, kusenza chakudya ndi zipolopolo pamutu mtunda wautali kulowera ku Tanganyika ndi ku Mozambique. Ambiri anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi chibayo, n'kukwiriridwa pomwepo. John Chilembwe anadandaula za magazi a anthu akuda pa nkhondo imeneyi m'kalata yake ya mu Novembala 1914, miyezi iwiri asanaukire. Mu 2021 bungwe losamala manda a asilikali a Commonwealth linavomera poyera kuti anthu osachepera 116,000, ambiri mwa iwo a ku Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi azungu, ndipo linapepesa. Kupepesa kunabwera, koma mayina sanabwere, chifukwa owadziwa anali atafa kale. Funsani m'mudzi uliwonse kuno kuti ndani anapita ku mtengatenga. Mudzamva kuti agogo a agogo ena ake, basi.

A Burma atsala owerengeka kwambiri m'dziko lonse. Amene anapita ku Malaya kuyambira mu 1952 nawonso adutsa zaka 90. Amayi amasiye alipo ochulukirapo, popeza asilikali ambiri ankakwatira atsikana aang'ono kwa iwo, ndipo amayiwa akudziwa zimene amuna awo sankanena pagulu: kubwebweta kutulo, kuthawira kunsi kwa bedi chiphaliwali chikang'anima, mkwiyo wosadziwika chiyambi chake, mowa. Akudziwanso nyimbo, chifukwa ankazimva bambo akusenga udzu kapena akukonza njinga.

Ndikudziwa kuti ena, makamaka kuno kwa Angoni, afunsa funso lolemera, ndipo Inkosi, inu muli ndi ufulu wolifunsa kuposa wina aliyense. Kodi anthu amenewa sanali asilikali a atsamunda? Boma lomwelo silimene linapha Inkosi Gomani Chikuse mu 1896? Silimene linachotsa pampando Inkosi Philip Gomani mu 1953 chifukwa chokana chitaganya, mfumu yodwala mpaka kuthawira ku Mozambique? Keyala yomweyo sinagwiritsidwe ntchito pa anthu ake omwe mu 1959? Zonsezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake ndikupempha kujambula osati kutamanda. Wotamanda amasankha zokoma. Wojambula amafunsanso zowawa: munapita mofuna kapena mokakamizidwa, munkamuona bwanji mzungu amene munagona naye m'dzenje limodzi n'kudzakupezani kuno akukukanizani kulowa pakhomo la kutsogolo kwa sitolo, munali kuti mu 1959 ndipo munalamulidwa kuchita chiyani. A Sajeni okha ankanena kuti ku Burma n'kumene anaona koyamba mzungu akulira ndi mantha, ndipo kuyambira tsiku limenelo chipewa ankavula mwaulemu chabe, osati mwamantha. Mawu ngati amenewa ndi mbiri ya ufulu wathu, ngakhale atuluke pakamwa pa munthu wovala mendulo ya mfumu ya ku England.

Ndiponso tisaiwale kuti zimene timazitcha chikhalidwe chathu lero zina zinabwera ndi anthu omwewa. Malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, mganda wa chigawo chapakati, beni wa ku Mangochi ndi Machinga, onsewa ndi magule obadwa ku perete wa asilikali: mizere, mayunifomu oyera, maudindo a usilikali m'gulu la ovina, zipanda zolira ngati malipenga. Gitala ndi banjo zinafalikira m'midzi ndi anthu obwera kuchokera kunkhondo ndi ku migodi. Nduna yoona za chikhalidwe ikamaonerera magule amenewa pa zikondwerero, ikuonerera zimene asilikali akale anasiya.

Tsono ntchitoyi igawidwe bwanji? Ndiyambe ndi inu a MBC, chifukwa chuma chachikulu chili m'manja mwanu. Matepi amene munajambula m'maboma kuyambira 1964, amene tinkawamva pa pulogalamu ya Nyimbo za m'Maboma, ndi nkhokwe imene palibe wina ali nayo. Tinamva ndi chimwemwe kuti ntchito yosamutsira matepi akale pa kompyuta inayambika mothandizidwa ndi dziko la Norway. Chimene ndikupempha n'chakuti zimene zinajambulidwa ku Ntcheu zibwerere ku Ntcheu. Tipatseni makope, olembedwa bwino kuti nyimbo iyi inajambulidwa m'mudzi wakuti, chaka chakuti, oimba ndi akutiakuti, wojambula ndi uje. Pamene dzina linasowa, ulutsani nyimboyo n'kufunsa omvera. Mudzadabwa kuona agogo akuimba foni kunena kuti wotsogolera nyimboyo ndi mayi anga. Muchite msanga, chifukwa ozindikira mawuwo nawonso akutha. Ndipo muli ndi antchito anu akale amene anapuma, omwazikana m'midzi ya dziko lino, oulutsa, okonza makina, oimba mu bandi yanu. Atumizireni mtolankhani wachinyamata aliyense, akhale nawo tsiku lathunthu. Nyumba youlutsa mawu iyenera kukhala yoyamba kusunga mawu a ana ake.

Kwa a Nduna, pali nyimbo zathu zimene zili kunja. Hugh Tracey anayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 akujambula, ndipo zimene anajambula zikusungidwa ku International Library of African Music, pa yunivesite ya Rhodes ku South Africa. Kalata ya boma yopempha makope ingatsegule khomo limene mphunzitsi wopuma ngati ine sangalitsegule. Muonenso za umwini. Banja likapereka nyimbo ya bambo awo, lidziwe kuti wina akadzaitenga n'kuiika mu chimbale chake, a COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo, adzalondola ndipo kangachepe kadzafika kwa ana. Anthu akumudzi anachenjera. Anaona alendo akubwera ndi makamera, kujambula, kupita, osamvekanso. Popanda pepala lomveka bwino, lolembedwa m'Chichewa, ambiri adzakana, ndipo sindingawadzudzule. Kope lina la zonse lipite ku National Archives ku Zomba, kuti kompyuta ya pa boma ikadzafa zinthu zisafere limodzi.

Bwana DC, kwa inu ndikupempha zochepa koma zofunika: chipinda chimodzi pa boma, chokhala ndi kompyuta, zomvetsera kukhutu ndi munthu wochiyang'anira, ndiponso makope m'ma TDC momwe aphunzitsi amakumana kale. Anthu ojambula musawafune kutali. M'sukulu za sekondale za boma lino muli ana ophunzira History amene akuloweza za nkhondo za ku Ulaya pamene agogo amene anaiona nkhondoyo ali mtunda woyenda pansi kuchokera pasukulu. Foni yamakono imajambula mawu bwino kuposa makina amene a Sajeni ankasenza. Chofunika ndi kuwaphunzitsa anawo kafunsidwe, kuwapatsa mphunzitsi wowaperekeza, ndi kandalama ka mayendedwe kamene khonsolo ingapeze itafuna. Anzathu a ku Dedza ali ndi wayilesi ya m'dera ku Bembeke komanso malo a Kungoni ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anasonyeza kuti zinthu za makolo zikhoza kusungidwa kumudzi komweko anthu n'kumabwera kuchokera kutali kudzaziona. Kukaphunzira kwa iwo sikufuna pasipoti.

Kafunsidwe ndikanene pang'ono, poti ndi pamene ntchito zotere zimafera. Nkhalamba musaiitanire ku ofesi, musaiikire mpando kutsogolo kwa akuluakulu ovala masuti. Pitani kwawo, masana dzuwa litapendeka, mukhale pakhonde. Tsiku loyamba mudzamva zimene amauza aliyense. Zenizeni zimatuluka ulendo wachiwiri kapena wachitatu, akazolowera nkhope. Musayambe ndi kufunsa kuti munapha angati. Funso limenelo limatseka pakamwa. Funsani za chakudya, za sitima, za kalata yoyamba imene analandira kuchokera kumudzi, za nyimbo imene ankaimba poguba. Akayamba kuimba musawadule, ngakhale mawu akunjenjemera. Amayi a pakhomopo akhale pafupi, chifukwa ndi amene amakumbutsa mayina. Ndipo musapite chimanjamanja: shuga, sopo ndi mchere si malipiro, ndi ulemu wa kwathu.

Kwa Mkulu wa asilikali, ndikudziwa kuti mwezi wa Novembala uliwonse mumakumbukira anzanu, nkhata zamaluwa zimaikidwa, lipenga limalira, maluwa ofiira a popi amagulitsidwa, ndipo ku Zomba pafupi ndi Cobbe Barracks kuli nyumba zosungirako asilikali okalamba. Zimenezo n'zabwino. Koma ambiri sali ku Zomba. Ali m'midzi ngati ya kwa Champiti, kwa Mpando, kwa Makwangwala, kumene galimoto ya asilikali imafika mwakamodzikamodzi. Inu pamodzi ndi bungwe la asilikali opuma la VELOM muli ndi kaundula. Mutsegulireni DC kuti ojambula adziwe khomo loyambira, ndipo pa ulendo womwewo muone ngati mkuluyo ali ndi bulangete, ngati denga lake silikudontha, ngati dzina lake lili pa Mtukula Pakhomo. Kungakhale kupanda manyazi kutenga mawu a munthu wanjala n'kumusiya ndi njala yake. Musalekere pa a Keyala okha. Amene analondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique tsitsi layamba kuyera, ndipo anthu a m'malire muno, amene tinalandira othawa nkhondo m'midzi yathu, tikufuna kumva mbali yawo. Amene abwera ku Congo ali ndi zawo. Dziko lonse linamva za Chancy Chitete, msilikali wathu amene anafa ku Congo komweko mu Novembala 2018 akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania, bungwe la United Nations n'kumulemekeza ndi mendulo yapamwamba chaka chotsatira. Anzake amene anali naye tsiku limenelo ali moyo, ndipo akukumbukira zonse lero kuposa momwe adzakumbukirire zaka 40 zikubwerazi.

Inkosi, Bayethe, mawu anu amafika kumene kalata ya boma siifika. Mukauza makhosi ndi magulupu kuti mudzi uliwonse utchule amene anapita ku Chiwaya, ku Burma, ku Malaya, amoyo ndi akufa omwe, mayinawo adzatuluka pa sabata zochepa, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Ndipo pa Umhlangano ku Nkolimbo, pamene timasonkhana chaka ndi chaka pa manda a Gomani Chikuse, tipatseniko kanthawi kakang'ono pakati pa ngoma ndi zolankhula za alendo olemekezeka, kuti mayinawo awerengedwe ndipo mmodzi mwa otsalawo, ngati mphamvu zilipo, aimbe nyimbo imodzi. Andale amene amabwera kumeneko akhoza kufupikitsako zolankhula zawo, sadzadwala nazo.

Za nthawi: musadikire Novembala. Mwezi umenewo mvula imakhala itayamba, anthu ali kumunda, ndipo misewu ya kumapiri ndi ya kuchigwa imavuta. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, anthu atakolola, ngakhale kuti Juni ndi Julayi kuno kumazizira kwambiri ndipo ndi miyezi imene imatitengera okalamba ambiri. Choncho oyamba kuwayendera akhale odwaladwala ndi a zaka zambiri.

Banja la a Sajeni lili ndi sutikesi yachitsulo momwe muli kabuku kawo ka usilikali, zithunzi zingapo, makope a nyimbo olembedwa pamanja, ndi matepi awiri amene pakhomopo palibe makina owaimbira. Andituma kuti ndinene kuti ali okonzeka kuonetsa zonsezi kwa amene mungatume, ndipo alola kuti zijambulidwe. Koma akuti sutikesiyo sichoka pakhomo: wobwerayo abwere ndi makina ake, akopere pomwepo mwana wawo wamkulu akuona, asiye kope limodzi ndi pepala losainidwa. Mukafuna njira, fikirani kwa agulupu a dera lathu, adzakulozerani.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
kwa Inkosi Njolomole, Ntcheu.